Ntchito yongodzipereka: wophunzira wa ku yunivesite apindulanji?

Zotsatsa ntchito m'nyuzipepala zathu zimafanana pa chinthu chimodzi: zimafuna munthu amene wagwirapo kale ntchitoyo zaka ziwiri kapena zitatu. Nanga mtsikana amene wangolandira digiri ku Zomba kapena ku Bunda zakazo azitenga kuti? N'chifukwa chake aphunzitsi ndi mabungwe amalimbikitsa ophunzira kuti azidzipereka kugwira ntchito yopanda malipiro adakali pasukulu. Malangizowa ndi abwino, koma si onse angawatsatire.

Phindu lake lilipo ndithu, ndipo lalikulu si kalata ya umboni ayi. Maphunziro a ku yunivesite amachitika m'Chingerezi, pomwe anthu amene wophunzirayo adzawatumikire amadandaula m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Wophunzira zamalamulo akhoza kuloweza lamulo la chuma cha masiye la 2011 mpaka kukhoza mayeso, koma tsiku limene wakhala pamphasa ndi mayi wamasiye amene abale a mwamuna amulanda nyumba ndi ziwiya, n'kuyesa kumufotokozera ufulu wake m'mawu oti amve, ndi pomwe amadziwa ngati lamulolo analimvetsa. Chimodzimodzinso wa zaulimi wa ku LUANAR: mlimi wa ku Mitundu samufunsa dzina la feteleza la m'buku, amamufunsa chochita poti thumba limodzi lamukanika kugula. Mayankho a mafunso otere sapezeka m'laibulale.

Dziko nalonso limadalira manja amenewa. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, anthu ongodzipereka, monga a Red Cross, ndi amene anasenza gawo lalikulu la ntchito ya m'misasa. Bungwe lotolera magazi la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana asukulu, moti sukulu zikatsekedwa magazi amachepa m'zipatala.

Koma tiyeni tifunse kuti angakwanitse kudzipereka ndi ndani. Wophunzira amene fizi ndi ndalama ya chakudya akudalira ngongole ya boma, amene akuchita lendi kachipinda ku Chikanda n'kumadya kamodzi patsiku, tchuthi chikafika saganiza za bungwe. Amathamangira ganyu, kugulitsa kaunjika kapena kuphunzitsa ana a eni ake kuti apeze ya teremu yotsatira. Kuchokera pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale ya minibasi yopitira ku ntchito yaulereyo yasanduka nkhani. Mnzake wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa, amene kwawo nsima siyisowa, akhoza kudzipereka miyezi itatu osadandaula. Pomaliza sukulu onse awiri ali ndi digiri yofanana, koma CV ya mmodzi yadzaza. Ntchito imene timaitama kuti imatsegulira achinyamata khomo ikutsegulira amene anali kale pafupi nalo.

Palinso mabungwe ena ochenjera. Ndalama za opereka thandizo alandira, mabwana akuyendera galimoto zikuluzikulu ndi kulandira maalawansi kumisonkhano ya kunyanja, koma wopita kumudzi kukalemba mayina padzuwa ndi wophunzira amene wangouzidwa kuti mpata ukapezeka amuganizira. Miyezi imatha, mpata osaoneka. Akuluakulu amene anaona Sabata ya Achinyamata m'nthawi ya Kamuzu amakumbukira misewu ndi milatho imene inakonzedwa, komanso amakumbukira kuti kukana kunalibe. Masiku ano chokakamiza si chipani, ndi mantha a ulova.

Ine ndikuona kuti wophunzira adzipereke, koma atafunsa kaye kuti ntchitoyo itha liti, aphunzirapo chiyani chokhudza maphunziro ake, ndipo ndani adzamulembere kalata. Bungwe lolephera kuyankha zimenezi likufuna wantchito waulere basi. Boma lomwe, pulogalamu yake yotumiza omaliza maphunziro m'maofesi kukaphunzira ntchito itayamba mu 2018, linaika kandalama ka pamwezi, kusonyeza kuti likudziwa kuti munthu sagwira ntchito ndi njala. Mabungwe atengerepo, apereke ya thiransipoti ndi nkhomaliro. Mayunivesite nawo akhoza kuika ntchito yotereyi mkati mwa teremu n'kumaiwerengera m'magiredi, kuti wa ku Chikanda uja asachite kusankha pakati pa kudzipereka ndi ganyu ya patchuthi.