Kupuma pa Ntchito Si Kupuma pa Moyo

Chaka ndi chaka, makalata opumitsa anthu pa ntchito amatuluka m'maofesi a ku Capital Hill. Wantchito wa boma akakwanitsa zaka 60 amapereka makiyi, ndipo ngati anali m'nyumba ya boma ku Area 10 kapena ku Area 12, amauzidwa tsiku losamuka. Dalaivala amene ankamudikira m'maŵa uliwonse amayamba kudikira wina. Apa mpamene ambiri amazindikira kuti mbali yaikulu ya ulemu umene ankalandira inali ya mpando.

Penshoni imagula ufa ndi mankhwala, koma siuza munthu chifukwa chodzukira m'maŵa. Alipo akuluakulu amene anatumikira dziko zaka 30, koma lero amangoswera kuseri kwa mipanda yanjerwa ku Area 43 ndi ku Area 47, kudikira wailesi ndi uthenga wa maliro. Kumeneku nkutaya chuma cha dziko.

Likulu linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975. Anyamata ndi atsikana amene anabwera nalo ali makalaliki, lero ndi agogo, ndipo amadziŵa mmene ntchito ya boma imayendera kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Malaŵi ali ndi anthu oposa 17 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo sanakwanitse zaka 18. Dziko la ana ochuluka chotere silingalole kuti nzeru za akulu zigone pakhonde. Akulu ndi mdambo mozimira moto, koma dambo lotchingidwa ndi mpanda silizimitsa moto wa munthu aliyense.

Ntchito ilipo, ndipo siili kutali. Amene anasunga mabuku a ndalama za boma angatsike ku Old Town kukaphunzitsa amayi a mu msika kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Mphunzitsi wopuma angathandize sukulu ya kwacha, kuti wamkulu mnzake alembe yekha dzina lake. Namwino angalangize amayi achichepere a m'dera lake, ndipo mlangizi wa zaulimi angasandutse dimba lake kukhala sukulu. Komiti ya sukulu, ya chipatala ndi ya chitukuko zikusoŵa anthu odziŵa kulemba zokambirana ndi kuŵerengera ndalama mokhulupirika.

Komabe zimenezi sizingayambe tsiku lolandira kalata. Munthu wa zaka 45 kapena 50 ayenera kuyamba lero: amange nyumba yake, azipita kwao pa mtendere ndi pa zovuta pomwe, adziŵane ndi anansi ake. Wosaoneka pa maliro a anzake ali pa mpando, adzakhala mlendo pakati pa abale ake akadzatsika.

Boma limapumitsa munthu pa udindo, koma palibe kalata imene imamupumitsa pa kutumikira anzake. Amene akadali pa ntchito aganizire zimenezi dzuŵa lisanapendeke.