Munthu akavulala pa nchito, ndani alipira?

Ku Nsadzo, m'boma la Chifunde, nchito yolembedwa si yambiri, koma ilipo. Ena amagaya pa cigayo, ena amamanga nyumba, ena amakweza mabelo a fodya m'magalimoto, ena amathandiza oyendetsa malole pa msewu wocokera ku Tete kupita ku malire a Cassacatiza. Nchito zonsezi zili ndi ngozi. Lamba wa cigayo amadula zala. Belo likagwera munthu, msana umatha. Nanga zikacitika, ndani alipira cipatala? Ana adya ciani?

Kawirikawiri nkhani imathera pakhomo. Bwana amapereka kandalama ka sopo ndi thumba la cimanga, nkunena kuti "pepani", basi. Koma lamulo la dziko la Mozambique limanena zoposa pamenepo.

Malamulo ake ndi awiri. Loyamba ndi lamulo la nchito, Lei n.º 13/2023, lomwe linayamba kugwira nchito mu February 2024 m'malo mwa lamulo la 2007. Laciwiri ndi Decreto n.º 62/2013, lokamba za ngozi za pa nchito ndi matenda obwera cifukwa ca nchito.

Malamulowa akuti wolemba nchito aliyense agulire anchito ake inshuwalansi ya ngozi, imene pa Cipwitikizi amati seguro. Imagulidwa ku makampani monga EMOSE. Ngozi ikagwa, bwana apereke thandizo loyamba ndi kupeza coyendera kuti wovulala afike kucipatala. Ngati bwanayo sanagule seguro, mlandu sufa ayi. Ndalama zonse zituluka m'thumba mwake.

Pano ambiri timasokoneza. Munthu amati, "Ine amandidula ya INSS mwezi ndi mwezi, ndiye ndili bwino." INSS imalandira 7 pa 100 ya malipiro: 4 kwa bwana, 3 kwa wanchito. Ndalamayo ndi ya ukalamba, matenda wamba, ucembere, kulumala ndi imfa. Seguro ya ngozi za pa nchito ndi ina, ndipo woilipira ndi bwana yekha.

Wovulala amalandira ciani? Coyamba ndi mankhwala ndi cisamaliro ca kucipatala. Ngati sangagwire nchito kwa kanthawi, amalandira 70 pa 100 ya malipiro ake. Tinene kuti munthu amalandira mametikali 6,000 pa mwezi. Pa mwezi womwe ali gone, ayenera kulandira 4,200. Ngati walumala kotheratu moti sadzagwiranso nchito, amalandira penshoni ya 90 pa 100. Akamwalira, penshoni imapita kwa mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ndipo pali ndalama yothandiza pa maliro. Ngakhale ngozi ya pa njira, m'galimoto imene bwana wapereka yotengera anchito, imawerengedwa ngati ngozi ya pa nchito.

Tsono vuto lili pati? Lili pa mapepala. Kwathu kuno anthu amapangana pakamwa: "Ubwere mawa, tidzaonana mwezi ukatha." Lamulo likuti kusowa kwa kontratu yolemba sikucotsa ufulu wa wanchito, ndipo limaona kuti wolakwa pamenepo ndi bwana. Komabe tsiku la mlandu pafunika umboni wakuti munthuyo ankagwiradi nchito pamalopo. Vuto lina ndi mtunda. Maofesi akuluakulu a nchito ali mumzinda wa Tete, kutali, ndipo munthu wothyoka mwendo alibe ya ulendo.

Alimi a fodya nawonso amvetse ici. Mlimi amene wapangana ndi kampani kuti adzaigulitse fodya si wanchito wa kampaniyo. Koma iye akalemba mnyamata wa caka conse woti azimulimira ndi kumusamalira cigafa, bwana ndi iyeyo tsopano. Mnyamatayo akavulala, funso lidzafika pakhomo pake.

Ndiye ngozi ikacitika, musacedwe. Uzani bwana pasanathe maola 48. Ngati simungathe, atumeni m'bale kapena mnzanu. Pitani kucipatala ngakhale bala lioneke laling'ono, ndipo nenani momveka kuti mwavulala pa nchito, kuti alembe. Sungani kapepala kalikonse. Lembani maina a anthu amene anaona. Musasaine cikalata cimene simunacimvetse. Pemphani wina akuwerengereni. Bwana akakana, dandaulo limapita ku Inspecção Geral do Trabalho kapena ku Procuradoria ya m'boma. Amene alibe ndalama ya loya angapemphe thandizo laulere ku IPAJ.

Kwa inu olemba nchito, seguro imaoneka ngati kutaya ndalama caka cikatha popanda ngozi. Koma yerekezani ndi kulipira penshoni ya munthu wolumala moyo wake wonse kucokera pa phindu la cigayo cimodzi. Ndipo inu olembedwa, tsiku loyamba nchito funsani mwaulemu: "Abwana, kodi dzina langa lili pa seguro?"