Mukuti tikonzekeretu, tikonzekere ndi chiyani?

Mvula ikamayandikira, pa wailesi pamayamba malangizo aja: konzekeranitu, sungani tochi, madzi akumwa, mafuta ndi chakudya cha masiku angapo, poti ngozi siitanidwa. Ife a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona timangoyang'anizana. Ngozi yake iti? Kuno kuthima kwa magetsi ndi mlendo amene anasiya kale kuodira. Chodabwitsa ndi kuyaka kwake. Akabwera mumamva ana dera lonse akukuwa "Ayakaa!" ngati Flames yagoletsa, mayi n'kuthamangira kutereka nyemba, kutchaja mafoni, kusita yunifolomu, zonse pakamodzi, poti sadziwa kuti magetsiwo anyamuka nthawi yanji.

Gwero la vutoli tikulidziwa. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, Shire: ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa chilimwe, mdima. Akachuluka dzinja, zinyalala zitseka makina, mdimanso. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kupita tsiku limodzi, ndipo kukonza kwake kunadutsa chaka. Madzi osefukirawo ife a ku Lilongwe sitinawaone, koma tinawalipira ndi makandulo.

Ndiye pamabwera anzeru aja: "Bwanji osangogula jenereta?" Ena mwa ife tinaguladi. Wometa wa ku Area 23, wowotcherera zitsulo ku Biwi, mayi wogulitsa mafirizesi ku Area 25, tinalowa ngongole ku banki m'khonde n'kugula kajenereta kaphokoso kaja kodanitsa ndi aneba. Koma jenereta samwa madzi a pa mjigo. Chaka chomwecho cha Kapichira mafuta nawonso anayamba kusowa, mizere ya galimoto n'kumagona pa malo omwetsera. Iwe ukafika ndi chigubu chako, ankati bungwe la MERA linaletsa zigubu, ukatenge kaye chilolezo. Chifukwa chake n'chomveka, ankathana ndi mavenda a mafuta. Nanga wometayo asenze jenereta pamutu kukaima nayo pakati pa maminibasi? Mapeto ake amakagula kwa venda yemweyo kuseri kwa msika, pa mtengo umene sitiutchula pamaso pa ana, mafuta ake osadziwika kuti asakaniza ndi chiyani.

Tinene kuti wawapeza malita asanu, wati usungeko. Uwaika pati? Nyumba ndi ya lendi, chipinda ndi pabalaza basi. Pakona pali mbaula, pa tebulo kandulo, pansi pagona ana atatu. Nyumbazo zinamangidwa mogundana, moto ukabuka kwa mmodzi mzere wonse wapsa, ndipo tinjira take galimoto yozimitsa moto singalowe. Alandilodi akangomva fungo la petulo, akuuza kuti mwezi ukatha upeze kwina, ndipo pamenepa sitiwaimba mlandu.

Za gasi timamva, kuti ndi waukhondo ndipo saononga mitengo. Vuto ndi loti silinda ndi chitofu chake zimafuna ndalama yamtolo tsiku limodzi, pomwe ndalama yathu imabwera ngati madontho a mpopi wotha. Makala amatimvetsa: kajumbo ka lero, kajumbo ka mawa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja, batire, sola, silinda, chinakwera denga n'kukhala komweko.

Makalawo ndiye nkhani yowawa. Ife a ku Chinsapo timaziona njinga zija m'bandakucha, matumba atasanjikizana kuposa mutu wa mwini wake, zikuchokera ku Dzalanyama. Si ife ana. Tikudziwa kuti mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango imeneyo, kuti madzi a m'madamu a Kamuzu ku Malingunde amadalira mitengo yomweyo, kuti mpaka asilikali anatumizidwa kukailondera. Tikudziwanso kuti lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, ndipo thumba lopanda chilolezo lingakugonetse m'chitokosi. Tikuphikira nsima mtengo umene unayenera kutimwetsa madzi, ndipo timachita izi tikuona. Koma mwana akabwera kusukulu salira nkhalango. Mutiuze chophikira china chimene tingagule ndi ndalama ya ganyu ya lero, mawa lomwelo mbaula titaya.

Anzathu a ku Mgona ndiye amaseka chowawa. Akaima pakhomo amaona Kanengo, kumene kuli akasinja osungira mafuta a dziko ndi majenereta akuluakulu a dizilo, iwo akuunikira ndiwo ndi tochi ya foni.

Tisanamize, kasola kakang'ono katithandizako. Babu limodzi, kutchaja foni, mwana wa Sitandade 8 n'kuwerengako. Koma batire lake likatha miyezi ingapo layamba kukomoka nthawi ya nkhani, ndipo panelo ukaisiya padenga usiku, m'mawa upeza waya yekha akulendewera.

Kukonzekera kwathu ndi kumeneku: kandulo yoduka pakati pawindo, machesi okulunga m'jumbo kuti asanyowe, ndowa ziwiri zotungiratu poti magetsi akakhalitsa mipopi nayo imauma, ndi kukhala bwino ndi amake Junior a nyumba yachitatu, chifukwa mbaula yawo sizima msanga ndipo ndi kumene timakapala moto.