Wachinyamata akafunsa amene analemba Genesis, mumuyankhe

Tsegulani Deuteronomo chaputala 34. Mupeza nkhani ya imfa ya Mose, kuikidwa kwake m'dziko la Moabu, ndi maliro amene Aisiraeli analira masiku 30. Ambirife tinaphunzitsidwa ku Sande sukulu kuti Mose yemweyo analemba mabuku asanu oyambirira a Baibulo. Nanga munthu angalembe bwanji za maliro ake? Wachinyamata akafunsa zimenezi pagulu, kawirikawiri amauzidwa kuti wagwidwa ndi mzimu wokayika. Ine ndikuti funsoli liyankhidwe, ndipo liyankhidwe m'tchalitchi momwemo.

Amene anayamba kufunsa anali anthu opemphera. M'zaka za m'ma 1100, mphunzitsi wachiyuda Abraham ibn Ezra anaona mavesi ena ooneka kuti analembedwa Mose atamwalira kale. Mu 1753 dokotala wa ku France, Jean Astruc, anazindikira kuti mbali zina za Genesis zimatchula Mulungu ndi dzina la Elohim, zina ndi dzina la Yahweh. Iye anaganiza kuti Mose anasonkhanitsa zolemba zakale. Mu 1878 Julius Wellhausen wa ku Germany anafotokoza kuti mabuku asanuwa anachokera ku magwero anayi, olembedwa nthawi zosiyana, amene analumikizidwa Ayuda atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo. Masiku ano akatswiri amatsutsana pa chiwerengero cha magwerowo ndi zaka zake, koma ambiri amavomereza kuti ntchitoyi inadutsa m'manja ambiri.

Simufunika digiri kuti muone zimene iwo anaona. Tengani Buku Lopatulika la agogo anu, lija linatuluka mu 1922. Chaputala 1 cha Genesis chimangoti Mulungu, koma kuyambira pa 2:4 dzina limakhala Yehova Mulungu. Mu Buku Loyera la 1998 dzina lomwelo analimasulira kuti Chauta. M'chaputala 1 nyama zimalengedwa anthu asanakhaleko. M'chaputala 2 mwamuna ndiye woyamba, kenako nyama, pomaliza mkazi. Pa 6:19 Nowa auzidwa kulowetsa nyama ziwiriziwiri, koma pa 7:2 nyama zosadetsedwa zikhala zisanu ndi ziwiri za mtundu uliwonse.

Ena amati awa ndi mafunso a azungu. Mbiri ikukana. Bishopu John Colenso wa ku Natal ankamasulira Baibulo m'Chizulu mothandizidwa ndi William Ngidi. Atafika pa chigumula, Ngidi anafunsa bishopuyo ngati iye mwini amakhulupirira kuti nyama zonse za padziko zinakwanira m'chombo chimodzi. Colenso sanafune kumunamiza. Anayamba kufufuza, ndipo mu 1862 anatulutsa buku losanthula mabuku asanuwa limene linagwedeza tchalitchi cha Anglican mpaka ku England. Bishopu Robert Gray wa ku Cape Town anamuchotsa paudindo, koma mu 1865 khoti la Privy Council ku London linagamula mokomera Colenso. Mkangano wonsewo unayamba ndi funso la munthu wa mu Africa muno.

Kuno ku Rufunsa nkhani ya manja ambiri siyenera kutidabwitsa. Funsani akuluakulu a kwa Mpanshya, kwa Shikabeta kapena kwa Bunda Bunda mbiri ya mudzi wawo. Mmodzi ayambira pa mtsinje umene makolo anawoloka, wina pa dzina la mfumu, wina pa chaka cha njala. Sititi agogowo ndi abodza. Timamvetsera onse, chifukwa aliyense wasunga chimene mnzake waiwala. Amene analumikiza Genesis anachitanso chimodzimodzi: anapeza nkhani ziwiri za chilengedwe, ndipo anazisunga zonse osatayapo imodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Mantha a abusa ndi makolo ndimawamva. Amati mwana akadziwa kuti Mose sanalembe zonse, mawa adzataya Baibulo lonse. Koma taonani zimene zikuchitika. Mnyamata wachoka kuno, wakwera basi pa Great East Road, wakakhala ku Mtendere kapena ku Kalingalinga. Usiku atsegula foni, apeza pa TikTok munthu akumuonetsa mavesi omwewa moseka, n'kumuuza kuti tchalitchi chinamubisira. Chimamupweteka kwambiri ndi kuona kuti akulu amene ankawadalira sanamuuze. Kubisako ndiko kukuchotsa achinyamata pamabenchi.

Komanso matchalitchi sakuyamba lero kumva nkhaniyi. Mu 1943 Papa Pius XII analimbikitsa akatswiri achikatolika kuphunzira mbiri ya Malemba, zilankhulo zake ndi kalembedwe kake. Abusa ndi ansembe ophunzira ku Justo Mwale University kapena ku seminale ya St Dominic's mu Lusaka amakumana ndi mafunso amenewa m'maphunziro a Chipangano Chakale. Vuto n'lakuti nzeruyo imatsala m'kalasi, sifika kwa wakwaya kapena wogulitsa malasha.

Kudziwa kuti buku linalembedwa ndi anthu ambiri sikugamula ngati Mulungu analankhulamo kapena ayi. Ameneyo ndi mlandu wa chikhulupiriro, ndipo aliyense adzauweruza mumtima mwake. Koma munthu wodziwa chiyambi cha buku lake savuta kuteteza. Mneneri wa m'tauni akadula vesi limodzi kuti amulande ndalama, iye amatha kufunsa kuti vesilo linalembedwera yani, liti, ndipo pa vuto lanji.

Pempho langa ndi laling'ono. Magulu a achinyamata apatule Loweruka limodzi pamwezi, awerenge Genesis 1 ndi 2 pamodzi, abusa ali pomwepo. Ife a pawailesi tiitane aphunzitsi a Baibulo, titsegule mafoni, omvera afunse m'Chinyanja ndi m'Chisoli popanda kudulidwa mawu. Ndipo inu anzanga, musachite manyazi kukweza dzanja. Safunsa anadya phula.