Boti loyendera pasikirini n'labwino, koma swichi ya pamanja isachoke

Achinyamatafe tazolowera kuti chilichonse chizitheka pongodina sikirini. Tsopano maboti nawonso alowa m'gulu lomweli: zida monga CZone ndi EmpirBus ya Garmin zikuyendetsa magetsi a m'boti kudzera pa kompyuta.

Mwa njira yakale, nyali iliyonse ndi pampu iliyonse imakhala ndi waya wakewake wochokera pa bolodi la maswichi. Boti likakula mawaya amachuluka, amalemera, ndipo chinyontho chimadya polumikizira. Njira yatsopanoyi imaika timabokosi pafupi ndi zipangizozo, n'kutilumikiza ndi chingwe cha NMEA 2000, chomwe chimalankhula ngati CAN ya m'magalimoto. Ukadina kamodzi, nyali zonse zayaka. Pampu ikayamba kukoka moto wambiri, chenjezo limabwera pasikirini.

Ine ndikuti ndi nzeru ndithu. Koma taganizani za nyanja yathu ino. Fyuzi ikapsa, mmisiri aliyense ku Monkey Bay amaisintha msanga. Nanga kabokosi kakafa usiku, mwera utalusa pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, laputopu ndi pulogalamu yake uzitenga kuti? Opanga eniake amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake mabokosi a CZone ali ndi fyuzi yoti ukaisuntha ndi manja, moto umadutsa popanda kompyuta.

Ndiye amene akufuna zamakonozi agule, palibe vuto. Nyimbo ndi nyali za m'chipinda aziyatse pafoni. Koma pampu yotulutsa madzi, nyali zoonetsa boti usiku ndi wailesi yoitanira thandizo zikhale ndi swichi yomwe dzanja lonyowa lingaipeze mumdima.