Liwu Limabadwa, Limakula, Limafa

Kwa Nchema, m'boma la Chiradzulu, ng'oma ikalira madzulo ngakhale mwana amadziwa kuti imeneyo ndi ng'oma, si belu la kutchalitchi. Chimene chimamuuza si kukwera kapena kutsika kwa liwu kokha ayi, koma mmene liwulo layambira ndi mmene lathera. Liwu la ng'oma limabadwa mwadzidzidzi ndi kufa msanga. La belu limayamba mwamphamvu ndi kuzirala pang'onopang'ono. La kaligo limakhalabe ndi moyo nthawi yonse imene woimba akukhula nsambo yake.

Nzeru imeneyi, imene mwana wa kumudzi amaipeza ndi khutu, akatswiri a kunja adaifika atavutika. M'chaka cha 1948, Pierre Schaeffer, amene ankagwira ntchito pa wailesi ku Paris, adachotsa chiyambi cha liwu la belu limene adajambula. Chotsalacho sichidamvekenso ngati belu, koma ngati chida choimba chochita kuuzira.

M'chaka cha 1964, Robert Moog wa ku Amereka adapanga makina oimbira otchedwa synthesizer, okhala ndi zigawo zimene woimba amazilumikiza yekha ndi mawaya. Chigawo china chimatulutsa liwu, china chimalisefa, china chimalikweza. Koma pali chigawo chimodzi, envelope generator, chimene pachokha sichilira konse. Ntchito yake ndi kutumiza mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, imene imatsegula ndi kutseka njira ya liwu monga mlimi amachitira ndi ngalande ya kudimba. Potsata malangizo a Vladimir Ussachevsky, wopeka nyimbo wa ku yunivesite ya Columbia, moyo wa liwu udagawidwa panayi: kuyamba, kutsika, kukhazikika pamene chala chili pa batani, ndi kuzirala chalacho chikachoka.

Komabe padali vuto. Woimba akaika nthawi ya magawo amenewa ndi kusiya pomwepo, mawu onse ankatuluka ofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Motero amisiri adakonza zoti magetsi ochokera ku chigawo china azisintha kutalika kwa magawowo nyimbo ili m'kati, kuti liwu ili lithe msanga, linalo lichedwe. Apa makina ankangoyesa kutsanzira dzanja la woimba ng'oma, amene amamenya pakati, kenaka m'mphepete, kenaka ndi kugwira chikopa kuti liwu life pomwepo.

Nkhani imeneyi ikuwakhudza achinyamata a m'Malawi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, makiyibodi a Yamaha ndi Casio adafala m'matchalitchi, m'maukwati ndi m'nyumba zojambulira nyimbo, kotero kuti mnyamata mmodzi adayamba kugwira ntchito ya gulu lonse la oimba. Phindu lake n'losakanika, pakuti ambiri apeza nazo chakudya. Koma ambiri mwa iwo amangodina mawu amene adaikidwiratu ku fakitale. Mawuwo adaumbidwa ndi khutu la munthu amene mwina sadamvepo ulimba kapena bangwe, ndipo n'chifukwa chake nyimbo zambiri zimamveka ngati ana a bere limodzi.

Wina anganene kuti makina a zigawo ndi okwera mtengo, ndiponso kuti midzi yambiri ilibe magetsi. Zimenezo n'zoona. Koma phunziroli silifuna makina poyamba. Mphunzitsi angathe kumenya ng'oma, kumenya chitsulo chija chopachikidwa pamtengo chimene chimaitana ana m'mawa, ndi kuuzira pakamwa pa botolo. Kenaka ana ajambule pa bolodi mzere wosonyeza mmene liwu lililonse lakwerera ndi kutsikira. Mwana amene wajambula mizere itatu imeneyi wamvetsa kale ntchito ya envelope generator. Tsiku limene adzakhale pa kompyuta ku Limbe kapena ku Blantyre adzapeza mapulogalamu onga VCV Rack, imene idatuluka m'chaka cha 2017 ndipo imapezeka mwaulere, ndipo adzadziwa chochita nayo.

Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene adamwalira m'chaka cha 1987, adatenga gitala, chida cha alendo, ndi kuchilankhulitsa monga cha kwawo. Sadadikire kuti opanga gitala amuuze maimbidwe ake. Wotsiriza sukulu amene akufuna kudya za nyimbo ayenera kuchita chimodzimodzi ndi makina a magetsi.

Achinyamata amakonda kunena kuti tsobola wakale sawawa. Pa nkhani iyi alakwa. Asanagule kiyibodi, ayambe akhala pansi pafupi ndi nkhalamba yoimba ng'oma kwa Nchema, ndi kumvetsera bwino pamene liwu likuthera.