Pa malangizo a chisamba tiwonjezepo mowa

Mtsikana wa kwa Zingalume ku Chadiza akatenga mimba yoyamba sasowa omulangiza. Pa chisamba anamkungwi amamukhazika pansi n'kumuuza kuti asadye mazira, asaime pakhomo, ndi zina zambiri. Ambuya ake amayang'anitsitsa chimene chili m'mbale mwake. Koma chikho cha mowa chimene chimazungulira pa ukwati, pa maliro kapena pambuyo pa ntchito ya kumunda, kawirikawiri chimadutsa osatchulidwa. Ife tikuti dzira limupatsa mphamvu, mowa ndiye woyenera kuletsedwa.

Mayi wapakati akamwa, mowa umalowa m'magazi ake n'kufika kwa mwana kudzera mu mchombo. Chiwindi cha mwana chimakhala chisanakhwime, ndiye sichitha kuuchotsa msanga. Ubongo umayamba kupangika m'sabata lachitatu, pomwe ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima, ndipo umakulabe mpaka tsiku lobadwa. Mowa ukasokoneza ntchito imeneyi, kuwonongekako n'kwa moyo wonse. Madokotala amati Fetal Alcohol Spectrum Disorder, mwachidule FASD.

Si nkhani yatsopano. Dokotala wa ana Paul Lemoine anailemba mu 1968 ku Nantes, m'dziko la France, ndipo mu 1973 Kenneth Jones ndi David Smith a ku Seattle anapatsa vutoli dzina. Ana ena amabadwa ochepa thupi, ndi mutu waung'ono, mlomo wapamwamba wopyapyala ndi maso aang'ono. Koma ambiri nkhope zawo zilibe chizindikiro chilichonse. Vuto limaonekera kusukulu: mwana akuiwala zimene anaphunzira dzulo, sakhazikika, masamu akumukanika, akubwereza giredi. Ife timangoti ndi wosamva, ndi mbuli, kapena kuti anamulodza. Amakwapulidwa chifukwa cha chinthu chimene chinachitika asanabadwe.

Tikudziwa yankho limene ambiri apereke: amayi anga ankamwa, koma ine ndili bwinobwino. N'zoona kuti si mwana aliyense amene amavulala. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 m'magazini ya JAMA Pediatrics anayerekeza kuti mwa amayi 13 amene amamwa ali ndi pakati, mmodzi amabereka mwana wa FASD. Ndani wa ife angakwere minibasi atauzidwa kuti ulendo umodzi pa 13 umathera m'ngalande? Kafukufuku yemweyo anaika South Africa pamwamba pa mayiko onse, ndi ana pafupifupi 111 pa 1,000 alionse. Ku Western Cape, kwa zaka zambiri antchito a m'minda ya mphesa ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro. Mchitidwewo unaletsedwa, koma ana akulipirabe.

Palibe mlingo wa mowa umene unatsimikizika kuti ndi wabwino kwa mayi wapakati. Ena amati chibuku ndi chakudya, ena amati kabotolo kamodzi ka cider si mowa weniweni. Mwana wa m'mimba sawerenga dzina la pa botolo. Kachasu ndiye woopsa kwambiri, chifukwa palibe amene amayeza ukali wake, ndipo ndi wotchipa. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma mowa waukali wa m'timabotolo ting'onoting'ono ukupezekabe, kaya ndi kwa Zingalume wa ku Chadiza kapena m'komboni ya Zingalume ku Lusaka.

Tisaloze chala mayi yekha. Ndani amamugulira? Ife anyamata a m'tauni tikapita kumudzi pa Khirisimasi kapena nthawi ya Kulamba, timaonetsa kuti zinthu zikuyenda pogulira aliyense. Mlamu akakana timamuseka kuti wayamba matama. Ndipo mtsikana wa sukulu amene akubisa mimba, kapena mkazi amene akumenyedwa kunyumba, samwa chifukwa chodana ndi mwana wake. Tikamuchititsa manyazi adzathawa chipimo n'kumamwera mseri.

Ndiye pempho lathu ndi ili. Anamkungwi ndi alangizi aike mowa pamwamba pa zoletsedwa za chisamba, chifukwa mawu awo amafika kumene pepala la ku kiliniki silifika. A nduna, a mipingo ndi a magulu a Safe Motherhood Action Group ainene nkhaniyi poyera, amuna ali pomwepo. Mwamuna amene mkazi wake ali ndi pakati ayambe ndiye kusiya, agule thobwa losasasa kapena maheu, amwere limodzi. Amene tikufuna mwana, kapena amene sitikugwiritsa ntchito njira yolera, tisiye mowa tsiku loyezetsa lisanafike.

Ngati mwamwa kale musanadziwe kuti muli ndi mimba, musataye mtima. Kusiya lero kumathandizabe, chifukwa ubongo wa mwana ukukulabe. Auzeni anamwino zoona. Ngati mumamwa kwambiri tsiku lililonse ndipo mukasiya thupi limanjenjemera, musalimbane nazo nokha, pitani kuchipatala akuthandizeni kusiya bwinobwino. Ndipo mwana amene wabadwa kale ndi vutoli amafuna kuleza mtima, malangizo afupiafupi obwerezedwa ndi mphunzitsi womumvetsa, osati chikoti.

Kuyambira mu 1999, pa 9 September anthu m'mayiko ambiri amakumbukira FASD: tsiku la 9 la mwezi wa 9, kuimira miyezi 9 ya mimba. Miyezi 9 yopanda mowa ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zonse zimene mwanayo adzakhale ndi mutu umene tamupatsa.